Kulondera zisa za akamba a m'nyanja ya mchere ku iSimangaliso: alendo aonere bwanji osaononga?

Nabanda: Moni nonse pagulu pano. Nyengo yoikira mazira akamba ku gombe la KwaZulu-Natal ku South Africa yayandikira, ndipo anzathu ogwira ntchito kumalo ogona alendo ku Sodwana Bay ndi Kosi Bay akufunsidwa mafunso ambiri ndi alendo. Odziwa ntchitoyi tithandizeni. Alonda a zisa amachita chiyani kwenikweni usiku ndi m'mawa? Nanga wotsogolera alendo akalakwitsa amalakwitsira pati? Sindikunena nkhasi za ku Nyanja ya Malawi ayi, ndikunena zimphona za m'madzi amchere zija.

Mlondawagombe: Zikomo achemwali. Choyamba dziwani kuti mitundu ya akamba amenewa ilipo 7 padziko lonse, koma yoikira mazira pagombe la iSimangaliso, malo otetezedwa amene muli Sodwana Bay ndi Kosi Bay, ndi iwiri. Pali loggerhead, wachimutu chachikulu ndi chigoba cholimba chofiirira. Palinso leatherback, amene alibe chigoba cholimba koma chikopa chochindikala chokhala ndi mizere 7 kumsana, ndipo wamkulu amapitirira makilogalamu 400. Amayamba kutuluka chakumapeto kwa Okutobala, amachuluka mu Disembala ndi Januwale, ndipo ana amaswa kuyambira Januwale mpaka Malichi. Kalondera wa kumeneku adayamba mu 1963 ku Bhanga Nek, pafupi ndi Kosi Bay, ndipo ndi mmodzi mwa akale kwambiri padziko. George Hughes ndiye katswiri amene dzina lake limamveka kwambiri pa ntchitoyi. Lero ikuyendetsedwa ndi bungwe losamalira zachilengedwe la Ezemvelo KZN Wildlife pamodzi ndi anthu a m'midzi ya komweko.

Ntchito yaikulu si ya usiku monga ambiri amaganizira. Ndi ya m'mamawa, dzuwa lisanakwere, mphepo ndi mapazi a anthu zisanafufute mkukuluzi wa kamba pamchenga. Mlonda amayenda chigawo chake cha gombe akuwerenga mikukuluziyo. Wa leatherback sungausokoneze: m'lifupi umafika masentimita 150 mpaka 200 kapena kuposa, ngati padutsa thirakitala, ndipo zidindo za miyendo zimakhala moyang'anizana chifukwa amakoka miyendo yonse yakutsogolo nthawi imodzi. Wa loggerhead ndi wocheperapo, sufika mita kawirikawiri, ndipo zidindo zimasinthana, kumanja kenako kumanzere, monga ayendera mwana wokwawa. Kuti mudziwe komwe amalowera, onani mbali imene mchenga wakankhidwira. Kamba amakankhira mchenga kumbuyo.

Ukawerenga, fufuta. Dutsitsa phazi kapena ndodo pamkukuluziwo kuti mawa usauwerengenso. Kuiwala zimenezi ndiko kumatupitsa ziwerengero.

Kadziwe: Ndiwonjezere pamenepo akulu. Si mkukuluzi uliwonse umene uli ndi chisa. Kamba amatha kukwera, kuzungulira, osakhutira ndi malowo, n'kubwerera m'madzi osaikira. Ukaona mkukuluzi wokwera ndi wotsika walumikizana ngati uta popanda mchenga womwazika, palibe mazira. Pamene aikira pamakhala dzenje losaya ndi mchenga wambiri woponyedwa, wina utakwirira mkukuluzi umene anakwerera. Zonse ziwiri zilembedwe, koma m'magawo osiyana. Kubwerera kopanda kuikira kukachuluka pamalo amodzi, ndiye kuti pali chimene chikuwaopsa: nyali ya nyumba, moto wa asodzi, phokoso, kapena mchenga wauma kwambiri moti dzenje likumangogumuka.

Komanso chisa chimodzi si kamba mmodzi. Loggerhead mmodzi amaikira katatu mpaka kasanu m'nyengo imodzi, kutalikirana pafupifupi masabata awiri. Leatherback amabwerera pakadutsa masiku 9 kapena 10, ndipo amatha kufika zisa 6 kapena 7. Kenako amasowa zaka ziwiri kapena zitatu. Ndiye wotsogolera alendo akamati "chaka chino kwabwera akamba zikwi zitatu" pomwe akunena zisa, akunamiza anthu mosadziwa.

Nabanda: Nanga usiku? Alendo amafuna kufika pafupi, ena kujambula.

Mlondawagombe: Apa ndiye pagona nkhani. Kamba akamatuluka m'madzi amakhala wamantha kwambiri. Mthunzi woyenda kapena kuwala pang'ono, wabwerera. Ndiye muyenera kudziwa masitepe ake. Amatuluka n'kukwera mpaka kupitirira pamene madzi amalekezera akadzala. Kenako amasesa mchenga wouma ndi miyendo yakutsogolo, ija yonga nkhafi, mpaka thupi litakhazikika m'kadzenje. Akatero amayamba kukumba dzenje la mazira ndi miyendo yakumbuyo yokha, kusinthanitsa, uku katape uku katape, ngati munthu wotapa ufa ndi chikhatho. Dzenjelo limakhala lopapatiza kukamwa, lotakasuka pansi ngati mphonda. La loggerhead limafika pafupifupi theka la mita, la leatherback limayandikira mita.

Nthawi yonseyi alendo akhale patali, chete, atakhala pansi, mumdima. Mmodzi yekha, wotsogolera, ndiye amakwawa kukasuzumira chakumbuyo. Mazira akayamba kugwa, awiri kapena atatu nthawi imodzi, kamba amakhala ngati waledzera, sasamalanso za pafupi. Apo ndi pomwe mumaitana anthu, abwere chakumbuyo, osadutsa kumaso kwake. Tochi ikhale imodzi, yofiira, yolozetsa kudzenje basi. Kuikirako kumatenga mphindi 10 mpaka 20 zokha, pomwe ntchito yonse kuyambira kutuluka mpaka kubwerera imatha ola limodzi kapena awiri. Alendo auzidwiretu zimenezi asananyamuke. Wosauzidwa amatopa, n'kuyatsa foni.

Akayamba kukwirira, bwererani m'mbuyo, ndipo musaime pakati pa iye ndi madzi. Misozi imene anthu amaiona m'maso mwake si kulira ayi. Ndi mchere umene thupi likutaya.

Nachisale: Za tochi yofiira anthu amazimva molakwika. Amaganiza kuti bola ikhale yofiira ndiye angathe kuunika paliponse. Akamba amaona bwino kuwala kobiriwira ndi kwa buluu, kofiira sikuwasokoneza kwambiri, koma sikuti sakuona n'komwe. Ndipo kukulunga tochi yoyera ndi pepala lapulasitiki lofiira n'kudzinamiza, chifukwa kuwala kwina kumadutsabe. Gulani ya LED yofiira yeniyeni. Zovala zikhale zakuda. Kuthwanima kwa kamera ndi koletsedwa.

Ku Tortuguero, m'dziko la Costa Rica, kumene katswiri wa akamba Archie Carr adayambitsa kafukufuku wa akamba obiriwira (mtundu wotchedwa green turtle) m'zaka za m'ma 1950, adapeza njira yabwino. Alendo sayendayenda pagombe. Amadikira pamalo oikika kuseri kwa mitengo, pomwe anthu ochepa ophunzitsidwa amayenda mumdima kufufuza akamba. Akaona wina wayamba kuikira amaimba wailesi, gulu limodzi n'kubwera. Makamera saloledwa n'komwe usiku. Anthu amene amayenda mumdimawo ndi a m'mudzi momwemo, ndipo malipiro awo amachokera kwa alendo.

Mbewe_KZN: Ine funso langa ndi la magalimoto. Boma la South Africa lidaletsa kuyendetsa galimoto pagombe kuyambira malamulo a 2001, koma makampani ochepa a ziphaso amaloledwa kutenga alendo pagalimoto usiku kukaona akamba. Sizikutsutsana zimenezi?

Kadziwe: Funso labwino bambo Mbewe. Amaloledwa pa mfundo zake. Amayenda madzi akaphwa okha, pamchenga wonyowa wolimba, kumunsi kwa mzere umene madzi amafika akadzala. Kwa ozolowera nyanja yathu ya kumudzi: nyanja ya mchere imadzala ndi kuphwa kawiri patsiku, ndipo nthawi yake imasuntha pafupifupi mphindi 50 tsiku lililonse. N'chifukwa chake ulendo lero unyamuka 8 koloko usiku, masiku angapo otsatira pakati pa usiku. Zisa zili kumtunda, ndiye galimoto yoyenda kumunsi siziponda, ndipo madzi akabwera amafufuta mikwasa ya matayala.

Vuto limabwera dalaivala akachedwa kubwerera, madzi n'kumukankhira kumtunda. Tayala likadutsa pachisa limatsendera mchenga, ana amalephera kuboola. Choipa china ndi mkwasa womwewo. Kamwana kakamba n'kotalika masentimita 4 kapena 5 basi. Kakagwera mumkwasa wa tayala kamangoutsata m'litali mwa gombe mamita ambirimbiri m'malo mowoloka, mpaka nkhanu kapena dzuwa litakapeza. Kwa ine maulendo apansi, monga amene anthu a ku Bhanga Nek amatsogolera, ndiwo abwino. Koma ndivomereze kuti pagombe lalitali chonchija, wapansi atha kuyenda usiku wonse osaona leatherback ndi mmodzi yemwe.

Tsinde: Palibe amene wanena za kuika zizindikiro. Mlonda akapeza kamba akuikira amadikira amalize kaye, kenako amayeza msana ndi tepi yofewa ya atelala, kuyambira pamphako ya pakhosi kutsata kukhota kwa chigoba mpaka kumapeto. Amayang'ana miyendo yonse ngati pali kachitsulo ka nambala kapena chipsera chosonyeza kuti kadagwa. Ngati palibe amaika katsopano: loggerhead kumwendo wakutsogolo pafupi ndi thupi, leatherback kumwendo wakumbuyo chifukwa kutsogolo sikamakhalitsa. Palinso kachipangizo kofanana ndi njere ya mpunga kobayira pansi pa khungu, kowerengedwa ndi makina. Kameneka sikagwa, koma msodzi wa ku Tanzania kapena Madagascar akagwira kambayo sangakaone, pomwe kachitsulo amatha kuwerenga n'kutumiza uthenga. N'chifukwa chake ambiri amaika zonse ziwiri.

Nambala iwerengedwe kawiri, wina kutchula wina kubwereza. Mumdima 6 ndi 9, kapena 3 ndi 8, zimasokoneza, ndipo nambala imodzi yolakwika imasandutsa kamba mmodzi kukhala awiri m'kaundula.

Chinanso chimene adachita ku gombe lomweli: kwa zaka pafupifupi 30 kuyambira koyambirira kwa zaka za m'ma 1970, ankacheka kamphako m'mphepete mwa chigoba cha ana a loggerhead, malo osiyana chaka chilichonse. Ena atabwerera kudzaikira zidaoneka kuti amafika msinkhu wobereka ali ndi zaka pafupifupi 36. Ndiye chisa chimene mukuteteza lero, phindu lake lidzaoneka mwana wanu ali ndi imvi zoyamba.

Nabanda: Aaa, zaka 36! Nanga chisa chikakhala pafupi kwambiri ndi madzi, si bwino kungosamutsa mazirawo? Kapena kuwasonkhanitsa onse mumpanda umodzi alendo aziona ana akamaswa?

Mlondawagombe: Achemwali, apa ndipo ambiri amaonongera ali ndi mtima wofuna kuthandiza. Dzira la kamba si la nkhuku. La nkhuku limafuna kutembenuzidwa, la kamba likatembenuzidwa limafa. Pakadutsa maola ochepa chiikireni, kamluza kamamatirira kumtunda kwa chikamba cha dzira mkati, ndipo kunja kumaoneka kadontho koyera ngati choko kamene kamakula tsiku ndi tsiku. Mukalipendeketsa nthawi imeneyo timinofu timang'ambika.

Ngati palibiretu kuchitira mwina, mwachitsanzo chisa chili kumunsi kwa mzere wa madzi ndipo chidzamira ndithu, zichitike motere, ndipo achite ndi wachilolezo. Samutsani pasanathe maola 12, bwino koposa m'maola awiri kapena atatu oyamba. Kumbani ndi manja, osati fosholo. Yezani kuya kuchokera pamwamba kufika padzira loyamba, ndi kufika pansi penipeni. Tulutsani limodzilimodzi osalizungulitsa, kuika m'chidebe chimene mwayalamo mchenga wonyowa wa m'chisa momwemo. Phimbani kuti lisaone dzuwa. Dzenje latsopano likhale la kuya ndi maonekedwe omwewo. Kwirirani ndi mchenga wonyowa poyamba, wouma pamwamba, chifukwa wouma ukakhudza mazira umayamwa madzi ake. Lembani chiwerengero. Kwa leatherback muwerenge padera timazira tating'ono topanda chikasu timene amaikira pomaliza. Timeneto situswa, ndipo tikalowa m'chiwerengero timaononga masamu.

Za mpanda wosonkhanitsira ine ndimakana, pokhapokha pamalo pamene akuba kapena agalu amatha chisa chilichonse. Mukaika mazira onse malo amodzi, matenda a nkhungu, nyerere kapena chigumula chimodzi chimatha zonse. Ndiponso mumasintha kutentha.

Nachisale: Kutenthako ndifotokoze, chifukwa ambiri sadziwa. Kamba kukhala wamwamuna kapena wamkazi zimatengera kutentha kwa mchenga m'chigawo chapakati cha nthawi yofungatira. Pa madigiri 29 kapena pafupi pamenepo amatuluka theka ndi theka. Kupitirira apo akazi amachuluka, kutsika apo amuna. Ukapitirira 33 kwa masiku ambiri ana amayamba kufera m'mazira. Masiku oswa nawo amatsata zomwezo: pamchenga wotentha angakwane 50, pozizira amadutsa 65. Kumpoto kwa Great Barrier Reef ku Australia, kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 adapeza kuti mwa akamba obiriwira aang'ono ochokera kumeneko, oposa 99 pa 100 aliwonse anali akazi.

Poyeza, amaika kachipangizo kolemba kutentha pakati pa mazira kamba akadali kuikira, kolemba ola lililonse. Kuika pambali pa chisa sikupereka chithunzi chenicheni, chifukwa chakumapeto mazira amatulutsa kutentha kwawo ndipo pakati pamatentha kuposa mchenga wozungulira. Ndiye mukachotsa chisa pafupi ndi madzi pamene pali chinyontho n'kupita nacho kumtunda pouma, mwina mwachotsa chimodzi mwa zisa zochepa zimene zikanatulutsa amuna.

Tsinde: Komabe mayi Nachisale, tisafike poti kusamutsa n'tchimo. Dzira limapuma kudzera m'chikamba chake. Mafunde akangonyowetsa pamwamba kamodzi kawiri palibe vuto, koma madzi akaima m'dzenje kwa maola, onse afa. Leatherback makamaka amakonda kuikira pafupi ndi madzi, ndipo ku South Africa akazi ake oikira pachaka safika 100, pomwe loggerhead achuluka kwambiri chiyambire 1963. Pamenepo chisa chimodzi cha leatherback n'chamtengo.

Nachisale: Sindikutsutsa bambo. Ndikungoti asankhe ndi wodziwa gombelo, osati woti akufuna ana aswere pafupi ndi khonde la alendo.

Kadziwe: Za adani a chisa. Kumeneko kuli nkhanu zoyera za pamchenga, chiuli, mng'azi, nyerere ndi agalu a m'midzi. Chotchinga chabwino ndi sefa yoyala pamwamba pa chisa, mita imodzi mbali zonse, yokhomerera m'makona n'kukwiriridwa pang'ono. Mabowo akhale masentimita 5 kwa 10 kuti ana athe kudutsa okha. Mabowo aang'ono kuposa apo amasanduka msampha, ana amatsekeredwa mpaka dzuwa kuwapha. Yapulasitiki yolimba ndi yabwino kuposa yachitsulo, chifukwa chitsulo chimasokoneza mphamvu ya maginito pachisapo, ndipo akamba amadalira mphamvu imeneyo podziwa njira m'nyanja.

Poika chizindikiro musadalire GPS yokha, imaphonya ndi mamita angapo, ndipo pakatha miyezi iwiri mphepo imakhala itasalaza zonse. Khomani zikhomo ziwiri kumtunda kumene kuli zomera, yezani ndi tepi kuchokera pa chilichonse kufika pachisa, lembani. Tsiku lofuna chisacho, pamene miyeso iwiriyo yakumana ndi pomwepo. Kumene kuli akuba mazira musakhome chikhomo pachisa penipeni, mwawalozera.

Mbewe_KZN: Ana akamatuluka, alendo amafuna kuwanyamula kukawaika m'madzi. Tiziwayankha chiyani?

Mlondawagombe: Muwauze asakhudze. Ana akaswa amatha masiku atatu mpaka asanu akukwera pamodzi m'mchenga, apamwamba kugumula, apansi kupondereza. Akafika pafupi ndi pamwamba amadikira mchenga uzizire, n'chifukwa chake amatuluka usiku. Chizindikiro chake masana ndi kadzenje kolowa ngati mbale pamwamba pa chisa. Akatuluka amathamangira kumene kukuwala ndi kotsika, ndiko kunyanja, kusiya mdima wa zitunda kumbuyo. Nyali imodzi ya panyumba kapena tochi ya mlendo imawatembenuza onse. Ndiye alendo aime kumbali ndi kumbuyo, nyali zonse zozimitsa, ndipo mafunde akawabweza anawo kumapazi anu musasunthe phazi.

Choipitsitsa ndi kuwasunga m'beseni kudikira alendo a mawa. Kamwana kamatuluka ndi chakudya chochepa cha m'mimba chotsala kudzira, chokwanira kusambira kosalekeza tsiku loyamba ndi masiku ochepa otsatira kuti kafike kumadzi akuya. Kakathera mphamvuzo m'beseni ndiye kapita. Kuwamasula masana n'kungodyetsa mbalame ndi nsomba. Paja akatswiri amayerekeza kuti mwa ana 1,000 mmodzi yekha ndiye amakula.

Ofika kumadzi akuya amatengedwa ndi madzi oyenda ngati mtsinje m'nyanjamo, otchedwa Agulhas, kulowera kumwera. Ena amakatayidwa m'magombe ozizira a Western Cape kuyambira cha mu Malichi, ndipo Two Oceans Aquarium, nyumba yosungira zamoyo za m'nyanja ku Cape Town, imawalera. Abale okhala ku Cape, mukatola kotere musakabwezere m'madzi. Kaikeni m'kabokosi kouma kokhala ndi mabowo a mpweya, pa thaulo louma, n'kuimbira a kumeneko.

Tsinde: Ntchito yomaliza, imene alendo saiona chifukwa imanunkha, ndi kufukula chisa. Dikirani masiku atatu ana atatuluka, kapena ngati sanatuluke, masiku 70 chiikireni, kwa leatherback 80. Valani magolovesi, tulutsani zonse n'kuziika m'milu: zikamba zopanda kanthu, mazira osaswa, ana ofera pobowola dzira, ana akufa ndi amoyo otsalira m'dzenje. Chikamba chiwerengedwe ngati chatsala choposa theka, tizidutswa tisiyeni. Tiyerekeze mwapeza zikamba 88, mazira osaswa 17 ndi ofera pobowola atatu. Onse pamodzi ndi 108, ndipo oswa ndi 81 pa 100. Ngati m'dzenjemo munalinso ana akufa anayi ndi amoyo awiri, otuluka okha ndi 82, kutanthauza 76 pa 100. Ziwerengero ziwirizi zikatalikirana kwambiri, vuto lili pamwamba: mchenga wotsenderedwa, mizu, kapena sefa yolakwika. Oswa akakhala ochepa, tsegulani mazira osaswawo. Ngati onse adafa pamsinkhu umodzi, fufuzani m'buku tsiku limene kudali mafunde aakulu kapena mvula yamphamvu. Mukamaliza kwirirani zonse mozama kutali ndi zisa zina.

Nabanda: Nanga ndalama? Munthu amene makolo ake ankadya mazira amenewa, n'chiyani chingamusiyitse?

Kadziwe: Malipiro ofika m'thumba mwake, osati lonjezo. Ku Mafia Island ku Tanzania adayamba kulipira munthu akanena za chisa, n'kudzamulipiranso malinga ndi ana amene aswa. Gawo lachiwirilo ndilo lanzeru, chifukwa mukalipira pongonena, munthu atha kulandira masana n'kudzafukula usiku. Ku Watamu ku Kenya, bungwe la Local Ocean Conservation limapereka kangachepe kwa msodzi amene wabweretsa kamba wokodwa muukonde ali moyo. Ku Ostional ku Costa Rica adatenga njira ina: akamba a mtundu wa olive ridley amatuluka zikwizikwi nthawi imodzi n'kumafukulirana mazira, ndiye lamulo limalola anthu a m'mudzimo kutola a masiku oyambirira. Zimenezo sizingakopedwe ku iSimangaliso kapena ku Ponta do Ouro tsidya la Mozambique, kumene akamba amatuluka mmodzimmodzi.

Chofooka cha ndalama za alendo n'choti nyengo yake ndi ya miyezi inayi kapena isanu, ndipo alendo akasiya kubwera, monga mu 2020, malipiro amaima pomwe akamba akubwerabe. Malipiro a alonda asamadalire matikiti okha.

Nachisale: Ndipo pophunzitsa anthu musaiwale kuti nyama ya akamba amenewa nthawi zina imapha. Pachilumba cha Pemba ku Zanzibar anthu 7 adamwalira mu Novembala 2021 atadya kamba wa m'nyanja, ndipo mu Malichi 2024 ena 9, ambiri mwa iwo ana. Poizoni wake satha ndi kuphika.

Mbewe_KZN: Tamva. Ndiye wofuna kuona zonse ziwiri, mayi akuikira ndi ana akutuluka, abwere liti?

Mlondawagombe: Pakati pa Januwale mpaka koyambirira kwa Febuluwale. Zisa za mu Novembala zimakhala zikuswa, akazi ena akadali kuikira. Asungitse malo kwa wachiphaso, afunse nthawi ya kuphwa kwa madzi asanasankhe tsiku, ndipo akonzekere mausiku awiri, chifukwa umodzi utha kudutsa osaona kanthu. Nsapato zikhale zoti zinyowe, ndi juzi yakuda, kumazizira mbandakucha.